A mafizo ndi aphungu: mafunso ndi mayankho kwa anzathu a ku Mulanje ndi Thyolo

Awa ndi mafunso amene anzathu ogwira ntchito ya mafizo (physiotherapy) m'zipatala za ku Mulanje ndi Thyolo amafunsa kawirikawiri, makamaka achinyamata amene angofika kumene kuchokera ku Kamuzu University of Health Sciences kapena kusukulu ya ku Kachere. Tayamba ndi opepuka. Tikati "phungu" tikunena wa ku Nyumba ya Malamulo. Makhansala tawatchula paokha.

1. Ife ntchito yathu ndi odwala. Phungu tikumufuniranji?

Zambiri zimene zimakumangani manja pantchito sizigamulidwa m'chipinda chanu cha mafizo. Chiwerengero cha anthu a mafizo amene boma lingalembe, ndalama zogulira ndodo zoyendera, mafuta oti mukafike ku Thekerani kapena ku Muloza kukaona odwala amene sangathe kubwera kuboma, zonsezi zimachokera mu bajeti. Bajetiyo imadutsa m'manja mwa aphungu ku Lilongwe ndi makhansala ku khonsolo.

Tsono ntchito yathu ndi yachilendo kwa ambiri a iwo. Digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine. Kale konseko wofuna digiriyi ankakaphunzira kunja. Phungu amamudziwa nesi, amamudziwa dokotala, ambulansi ndiye amaidziwa bwino chifukwa anthu amamuimbira usiku kuipempha. Mukatchula mafizo, iye amaona munthu uja amathamangira m'bwalo la mpira ndi botolo la madzi. Sangamenyere nkhondo chinthu chimene sanachionepo, ndipo palibe wina amene adzamuonetse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

2. Kodi phungu angachite chiyani kwenikweni, nanga chimene sangathe nchiyani?

Angathe kufunsa funso kwa Nduna ya Zaumoyo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo nduna iyenera kuyankha poyera, yankholo nkulembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za m'Nyumbayo. Angathe kulankhula pa zokambirana za bajeti. Ngati ali mu komiti yoona zaumoyo kapena ya zachuma, angathe kukankha kuti akuluakulu a unduna aitanidwe kudzafotokoza. Angathe kupereka dandaulo lolembedwa la anthu a m'dera lake. Lachinayi ndi tsiku limene aphungu amene si nduna amabweretsa nkhani zawo. Komanso pali mphamvu ina yosalembedwa paliponse: phungu akaimba foni ku Capital Hill, foniyo imayankhidwa.

Chimene sangathe ndi kukulembani ntchito kapena kukukwezani. Zimenezo zili ndi makomishoni ake, wa zaumoyo ndi wa maboma ang'ono. Sangathenso kungodzuka nkubweretsa lamulo lofuna ndalama za boma. Gawo 57 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati zoterozo zimafuna chilolezo cha Nduna ya Zachuma. Mukamupempha zimene sangathe, adzakulonjezani ndithu, pakuti wandale sakana pamaso, koma nonse mudzakhala mwataya nthawi.

3. Ndiyambe ndi phungu kapena khansala?

Kawirikawiri khansala. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, zipatala za maboma zakhala zikupita m'manja mwa makhonsolo pang'onopang'ono, ndipo khonsolo ili ndi komiti ya makhansala yoona zaumoyo. Ngati vuto lanu ndi chipinda chothina, khomo la masitepe lopanda polowera njinga ya munthu waulumali, kapena kusowa kwa mafizo pa mndandanda wa maulendo opita kuzipatala zing'onozing'ono, wapampando wa komiti imeneyo ndi wofunika kuposa phungu aliyense. Khansala amagonanso m'dera momwemo, mumakumana naye pa Chitakale kapena pa Bvumbwe akugula ndiwo.

Phungu mumamufuna nkhani ikakhala ya dziko lonse: malo a ntchito, malamulo, ndalama zimene unduna wapatsidwa. Amene muli cha ku Luchenza kumbukirani kuti tauniyo ili ndi khonsolo yakeyake, yosiyana ndi ya Thyolo ndi ya Mulanje.

Mafumu musawadumphe. Mfumu yaikulu ngati Mabuka, Chikumbu, Bvumbwe kapena Nchilamwela imakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo, ndipo mpando wake suyendera chisankho.

4. Ndine wa m'boma. Kodi sindiputa mlandu ndikakumana ndi phungu?

Kukumana ndi phungu si mlandu. Ndinu nzika, ndipo iye ndi phungu wanu. Chimene gawo 193 la Malamulo Oyendetsera Dziko limafuna ndi chakuti ndale zisasokoneze momwe wa m'boma amagwirira ntchito yake mosakondera. Choncho kufotokozera phungu za ana obadwa ndi mapazi opindika ndi chinthu china, kuvala nsalu ya chipani nkukaima pambali pake pamsonkhano ndi chinanso.

Chimene chimawagwetsa anthu m'mavuto si lamulo ayi, ndi kulumpha mabwana. Mkulu wa zaumoyo m'boma (DHSS) akamva kwa Bwanamkubwa kuti wa mafizo wake anali kwa phungu kukadandaula za chipatala, iye osadziwa kanthu, ubale wanu ndi ofesiyo wathera pomwepo, ndipo ofesiyo ndi imene imasaina mafuta anu. Uzani mkulu wa gawo lanu, iye auze a DHSS. Auzeni zimene mukukanena. Nthawi zambiri amavomera, chifukwa nawonso akufuna zomwezo koma pampando pawo sangathe kufuula. Ena amakupatsani ziwerengero zimene inu munalibe.

Ngati nkhaniyo ikudzudzula unduna, musainyamule nokha. Ipititseni kudzera ku Physiotherapy Association of Malawi, kuti wolankhula akhale bungwe, osati wantchito mmodzi amene mawa angasamutsidwe.

5. Nanga ife a zipatala za mishoni, a m'maesiteti ndi oima patokha?

Inu muli ndi ufulu wochulukirapo, komabe bwana ndi bwana: a ku Mulanje Mission kapena Malamulo adziwitse akuluakulu a chipatala chawo monga tafotokozera pa funso 4. Nkhani za mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zili ndi eni ake. Musazitenge ngati zanu.

A m'maesiteti a tiyi muli ndi nkhani imene aphungu a kuno amaimva msanga, chifukwa ovota awo ambiri ndi othyola tiyi: misana, mapewa, mawondo, ndi kuvulala pantchito. Pali lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito la 2000 ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997. Lankhulani za mtundu wa kuvulala ndi mmene kungapewedwere. Zokangana za kampani ndi antchito ake muwasiyire a mabungwe a antchito.

6. Phungu ndingamupeze kuti, ndipo nthawi yabwino ndi iti?

Nyumba ikamakumana amakhala ku Lilongwe sabata yonse, kumudzi amangofika kumapeto kwa sabata, atatopa, pakhomo pali kale mzere wa anthu. Nthawi yabwino ndi pamene Nyumba yatsekera. Ambiri alibe ofesi yeniyeni kudera. Ofesi ndi khonde la nyumba yawo kapena galimoto.

Njira yachidule ndi munthu amene amasunga foni ndi ndandanda ya phunguyo. Phungu aliyense ali naye, kaya mlembi, kaya dalaivala, kaya wapampando wa chipani m'deralo. Ofesi ya Bwanamkubwa imadziwa manambala a aphungu onse a m'boma, chimodzimodzi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu (ADC). Munthu ameneyu mulemekezeni ngati phungu yemwe. Kalata yanu ikafika kapena kusafika zili kwa iye.

Musanayambe, tsimikizani kuti phungu wanu ndi uti. Malire a madera anasintha chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike, madera nkuchoka pa 193 kufika pa 229. Mudzi umene unali wa phungu uyu mwina tsopano uli kwa wina. Komanso chipatala cha boma chili m'dera la phungu mmodzi, koma odwala ake amachokera m'madera a aphungu onse a m'bomalo. Aliyense wa iwo ali ndi anthu ake pa mabedi anu.

7. Ndikakumana naye pamaliro kapena kutchalitchi, ndiyambe nkhani?

Ayi. Perekani moni, nenani dzina lanu ndi kumene mumagwira ntchito, pemphani kuti mudzawapeze tsiku lina, tengani nambala ya mlembi, basi. Pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde chimodzimodzi. Pasiwa si pofotokozera bajeti.

8. Kalata kapena uthenga woyamba ndilembe bwanji, m'chinenero chanji?

Uthenga wa pa WhatsApp ukhale wa Chichewa, waufupi, wonena kuti ndinu ndani komanso kuti simukupempha ndalama. Mbali yomalizayi ndi yofunika kuposa mmene mukuganizira. Phungu wa kuno akadzuka m'mawa amapeza mauthenga a bokosi la maliro, fizi, thiransipoti ya wodwala, mpira ndi yunifolomu ya timu. Nambala yachilendo iliyonse amaiona ngati pempho lina. Mukhoza kulemba chonchi:

"Olemekezeka, ndikupereka moni. Ndine wa mafizo pa chipatala cha boma. Ndili ndi chiwerengero cha anthu a m'dera lanu amene timawathandiza atafa ziwalo kapena atavulala pangozi, ndipo ndimafuna ndikuonetseni. Sindikupempha ndalama. Mphindi 15 zikwana, tsiku lililonse limene muli kuno."

Pokumana, muwatchule "Olemekezeka" kapena "Bwana", mayi "Olemekezeka" kapena "Mayi", ngakhale munaphunzira nawo kalasi imodzi ku sekondale kapena ndi mwana kwa inu. Zocheza za kale zibwere iwo akaziyamba okha. Pepala limene mudzawasiyire likhale la Chingerezi, chifukwa ndi chimene amagwiritsa ntchito m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mukufuna kuti adzangoliwerenga momwe lililimo.

9. Ndipite ndi chiyani, ndikanene chiyani?

Apa ndi pamene ambiri zimawakanika, choncho titalikitsako.

Pitani ndi pepala limodzi, osati lipoti la masamba 20. Papepalapo pakhale ziwerengero za m'dera la phunguyo, zochokera m'kaundula wanu: chaka chathachi munaona anthu angati a sitiroko ochokera kwa mfumu yakuti, ana angati amene ubongo unavulala pobadwa, angati amene anachotsedwa chikhakha koma bondo kapena chigongono nkuuma, angati a ngozi za njinga zamoto za kabaza. Chiwerengero chimene chimamugwira mtima kwambiri ndi cha anthu amene anabwera kamodzi osabweranso. Muuzeni chifukwa chake: kuti munthu wofa mbali imodzi achoke kumapiri a Thekerani kapena kwa Njema kufika kuboma pafunika njinga yamoto, pafunikanso wachibale womugwirira kumbuyo, ulendo wopita ndi wobwera, sabata iliyonse. Mtengo wa ulendowo mufunse odwala anu sabata yomwe mukupitayo, ukhale weniweni wa lero. Mayina a odwala asalembedwe.

Ziwerengero za dziko lonse ziikeni pang'ono, ngati mchere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita mtsogolo ali ndi ulumali wamtundu wina wake. Kalembera yemweyo anapeza anthu opitirira 680,000 ku Mulanje ndi opitirira 720,000 ku Thyolo. Kenako nenani kuti a mafizo muli angati m'boma lonse. Phungu adzawerengera yekha.

Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 simufunika kumufotokozera. Anaona yekha matope ndi miyala zikutsika m'phiri. Chimene mwina sanaganizirepo ndi chakuti amene anathyoka miyendo ndi misana nthawi imeneyo, makamera atachoka ndi misasa itatsekedwa, anafunikabe munthu wowaphunzitsa kuyendanso. Mukamukumbutsa zimenezi, wamvetsa kale ntchito yanu.

Ndiyeno pempho likhale limodzi. Limodzi lokha, loti iye angathe, ndiponso loti pakatha miyezi itatu nonse mudzadziwa ngati lachitika kapena ayi. "Muthandize mafizo" si pempho. "Mufunse nduna kuti malo a ntchito a mafizo amene ali opanda anthu m'boma lino adzadzazidwa liti" ndi pempho. "Mubwere kuchipatala Lachitatu likubwerali mudzaone ana a mapazi opindika" ndi pempho. Mukapita ndi zinthu khumi, iye adzasankha chophweka kwambiri, kapena chooneka bwino pachithunzi.

Za malipiro anu ndi nyumba yanu yodontha musazisakanize ndi za odwala. Ndi zoona, ndi zowawa, koma mukangozitchula, zonse munanena poyamba zimamveka ngati njira yofikira pamenepo.

Mawu a m'kalasi asiyeni kuchipatala. Nenani kuti "wafa mbali imodzi", "khosi silinakhwime", "mwendo wauma". Ndipo musapite nokha. Awiri kapena atatu ndi okwanira: inu, munthu waulumali wa m'deralo amene amalankhula m'malo mwa anzake, mwina wa ku FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali) kapena kholo la ku PODCAM (bungwe la makolo a ana aulumali), ndi mlangizi wa zaumoyo amene amadziwa midzi. Mayi wobereka mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kumsana amanena m'mawu awiri zimene inu mungavutike nazo ola lathunthu, komanso iye ndi wovota.

10. Ndikufuna kumuitana kuchipatala. Zimayenda bwanji?

Palibe chimene chimaposa zimenezi. Phungu amene waona bambo wa sitiroko akuponya phazi loyamba atagwira zitsulo saiwala. Koma woitana akhale chipatala, kudzera mwa a DHSS ndi Bwanamkubwa, osati inu panokha.

Sankhani tsiku limene ntchito ikuchitikadi, osati lokonzekera alendo. Musabise zida zothyoka, musabwereke zatsopano. Ngati n'kotheka agwire yekha: akwere njinga ya aulumali ayese kulowa nayo kuchimbudzi cha odwala. Masiku amene amapereka chifukwa chabwino choitanira ndi 8 Sepitembala, tsiku la mafizo padziko lonse, 29 Okutobala la sitiroko, ndi 3 Disembala la anthu aulumali.

Odwala afunsidwe tsiku lisanafike, aliyense payekha, ndipo wokana asaone kusintha kulikonse pa chithandizo chake. Phungu amabwera ndi anyamata a mafoni, ndipo madzulo omwewo zithunzi zili pa Facebook. Gwirizanani ndi mlembi wake pasadakhale kuti wojambulidwa ndi yekhayo amene wavomera, mwana ndi yekhayo amene kholo lavomera. Kusunga chinsinsi cha wodwala ndi udindo wanu pamaso pa Medical Council of Malawi, osati wa phungu. Zikalakwika wofunsidwa ndi inu.

11. Akafuna alawansi kapena mafuta a galimoto?

Nenani poyambirira, mwaulemu, kudzera mwa mlembi, kuti palibe. "Olemekezeka adziwe kuti ndi ulendo wongodzaona, tilibe thumba lililonse." Amene abwere atamva zimenezo ndi amene mumamufuna. Musasonkhe m'matumba mwanu. Ngati mwambowo ukulipiridwa ndi bungwe lothandiza, zimenezo zitsate malamulo a bungwelo, ndipo ndalama zisadutse m'manja mwanu. Envelopu yoperekedwa kuti munthu wa udindo akuchitireni kanthu ili ndi dzina lake m'lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995. Botolo la madzi ndi tiyi wa konkuno sizinamangitsepo munthu.

12. Phungu akufuna kugawa njinga za aulumali pamsonkhano, ndipo akuti ndimupezere mayina. Nditani?

Ili ndi funso limene limabwera kuposa onse, ndipo likufuna nzeru, chifukwa munthuyo akufuna kuchita zabwino ndipo njingazo zikufunikadi.

Musakane. Koma mufotokozereni zimene inu mukudziwa iye sakudziwa: njinga imayezedwa pa munthu ngati nsapato. Yaikulu kwambiri imapinditsa msana wa mwana. Yopanda khushoni yoyenera imabweretsa zilonda za pamatako kwa munthu wovulala msana, amene samva kupweteka, ndipo zilonda zimenezo zimapha. Njinga za m'chipatala, za matayala ang'onoang'ono kutsogolo, zinapangidwira pasimenti. M'tinjira ta m'minda ya tiyi nthawi ya mvula sizipita patali, zikathyoka palibe pogula zitsulo zake, mapeto ake zimakhala pakhonde zoyanikapo zovala. Bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kaperekedwe ka njingazi mu 2008 ndi enanso mu 2023, ndipo mfundo yake ndi yomweyi: kuyeza munthu, kusankha njinga, kuikonza kuti imukwane, kumuphunzitsa, kudzamuonanso.

Ndiye muuzeni chonchi: "Olemekezeka, tiloleni tiyambe tawayeza anthuwa, tikuuzeni mtundu ndi masaizi oti mugule, kuti njinga zanu zidzakhale zikuyendabe chaka chamawa." Ndi phungu wochepa amene angakane zimenezo. A Malawi Against Physical Disabilities, eni ake a Kachere ku Blantyre, akhala pa ntchito ya zipangizo zotere kwa zaka zambiri. Afunseni nzeru musanagule.

Mndandanda wa mayina musaupereke m'manja mwa a chipani. Osankhidwa asankhidwe malinga ndi vuto lawo, mogwirizana ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo, ndipo aliyense avomere yekha kukaonekera pagulu. Nthawi ya kampeni ndiye talikirani: lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, ndipo simukufuna dzina lanu pamenepo.

13. Kodi ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zingamange chipinda cha mafizo?

Zingathe, monga zimamangira zipinda za sukulu ndi milatho, koma khomo lake si thumba la phungu. Thumbali linayamba mu 2006, ndipo kwa zaka zambiri aphungu ndi amene ankalamula kagwiritsidwe ntchito kake. Mu 2025 Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula kuti kutero kukusemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko, ndipo nkhaniyi yakhala yokokanakokana. Musanalembe kalikonse, kafunseni kwa mkulu wa mapulani ndi chitukuko ku khonsolo kuti ndondomeko ya chaka chino ikuti chiyani.

Chimene sichisintha ndi njira yochokera pansi. Chitukuko chimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ADC, nkukalowa m'mapulani a boma lonse. Chipinda cha mafizo chimene chatchulidwa ndi anthu a m'midzi m'mapulani awo chimakhala ndi miyendo. Chotchulidwa ndi inu nokha chimaoneka ngati chofuna chanu. Pemphani mphindi zochepa pamsonkhano wa ADC. Ndipo musanapemphe nyumba, dzifunseni kuti adzagwiramo ndani. Nyumba zokhoma ndi loko zilipo kale zambiri.

14. Nkhani yathu ingafike bwanji m'Nyumba ya Malamulo momwemo?

Njira yapafupi ndi funso kwa nduna. Lilembeni inuyo, m'Chingerezi, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, lofuna tsiku kapena nambala, losayankhika ndi "boma likuganizira". Mupatseninso phungu mfundo ziwiri zoti adzafunsire funso lotsatira nduna ikazemba. Mafunso amakhala pamzere nthawi yaitali, choncho aperekeni Nyumba isanatsegulidwe.

Za ndalama zimayendera kalendala. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakambidwa cha mu Febuluwale ndi Malichi. Pofika nthawi imeneyo manambala amakhala atalembedwa kale. Nthawi yolankhula ndi miyezi ya kumapeto kwa chaka, pamene khonsolo ndi unduna zikukonza mapulani, komanso pa misonkhano imene Unduna wa Zachuma umachititsa yomva maganizo a anthu bajeti isanaperekedwe. Wopita kwa phungu mu Epulo kukadandaula za bajeti wafika nsima itatha.

Komiti yoona zaumoyo imalemberedwa kudzera kwa Mlembi wa Nyumba ya Malamulo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya bungwe lathu, osati chipatala chimodzi. Chimene inu mungachite ndi kufufuza ngati phungu wina wa ku Mulanje kapena Thyolo ali mu komitiyo, nkudziwitsa atsogoleri a bungwe. Makalaliki a makomiti ndi antchito okhazikika. Aphungu amasintha, iwo amakhalapobe.

15. Ndi malamulo kapena mapangano ati amene ndingatchule?

Ochepa, ndipo okhawo amene mwawawerenga. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limatchula zaumoyo ndi anthu aulumali pakati pa zinthu zimene boma liyenera kulimbikira. Lamulo la anthu aulumali la 2024 linalowa m'malo mwa la 2012, ndipo ndi limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu Meyi 2023 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti mayiko alimbitse ntchito yobwezeretsa mphamvu kwa odwala m'zipatala zawo. Pangano la ku Abuja la 2001, loti 15 pa 100 ya bajeti izipita ku zaumoyo, aphungu amalidziwa kale ndipo amalitchula chaka chilichonse.

Lamulo la 2024 ndi lothandiza kwambiri chifukwa linadutsa m'Nyumba yawo yomweyo. Simukupempha chachilendo, mukungofunsa kuti zimene anavomereza zichitika liti.

16. Phungu wathu ndi wa chipani chimene sindichikonda. Kapena ndikuopa kuti anthu adzati ndine wake.

Kuno anthu amakonda kumata munthu mtundu wa chipani akangomuona akutsika galimoto ya wandale. Mankhwala ake ndi kuchitira onse mofanana ndiponso poyera. Pepala lomwelo lipite kwa aphungu onse a m'bomalo, a chipani cholamula, otsutsa ndi oima paokha. Kumanani masana, kuchipatala kapena ku khonsolo, muli awiri kapena atatu. T-sheti, chipewa ndi nsalu zikaneni mwaulemu: "Ntchito yathu siyilola, Bwana." Akayamba kunyoza mnzake amene anapikisana naye, mwetulirani nkubwerera ku pepala lanu. Voti yanu ndi chinsinsi chanu, ndipo sitiroko sifunsa khadi la chipani.

17. Anandilonjeza, koma mpaka lero zii. Ndimuyalutse pa wailesi?

Ayi, osati inu. Tsiku lotsatira mutakumana, tumizani uthenga wothokoza wotchula chimene analonjeza, kuti chikhale cholembedwa. Pakatha milungu itatu kapena inayi kumbutsani kudzera mwa mlembi. Pokumbutsa bweretsani kanthu katsopano: chiwerengero cha mwezi uno, kapena nkhani yoti mwana uja anamuona wayamba kuima. Ubale umamangika pa mauthenga ngati amenewa, amene sapempha kalikonse. Pakapita nthawi mudzaona kuti nkhani ya ulumali ikabuka ndi iye amene akukuimbirani kufunsa kuti anene chiyani, ndipo pamenepo ndi pamene mwafika.

Akachita kanthu, ngakhale kakang'ono, muyamikeni poyera kudzera ku chipatala kapena bungwe. Wailesi ngati Mzati ndi yabwino pophunzitsa anthu za mafizo ndi kuyamika, ndipo polankhula kumeneko tsatani funso 4. Akapitiriza kukhala chete, m'boma muli aphungu ena. Pitani kwa wina popanda kunyoza woyambayo.

18. Nanga akagwa pachisankho, zonse zapita pachabe?

Aphungu ambiri m'dziko muno sabwereranso, choncho yembekezerani zimenezo. Sungani faelo ku ofesi, osati m'foni mwanu mokha: makalata, ziwerengero, amene munakumana naye, chimene analonjeza. Inunso mukhoza kusamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwanu asadzayambire pachiyambi. Phungu watsopano mupezeni m'miyezi yoyambirira, pamene akufunafuna nkhani yoti adziwike nayo. Wakugwayo musamutaye, ena amabwerera patatha zaka zisanu, ena amakapezeka m'mabodi.

19. Mayi ake a phungu adwala sitiroko, ndipo akufuna ndizipita kunyumba kwawo kapena ndiwadumphitse mzere. Ndikane?

Mayiwo ndi wodwala ngati wina aliyense, ndipo akuyenera chithandizo chabwino chimene mungathe. Kuchipatala, woyamba kuonedwa ndi amene vuto lake likufuna changu, ndipo zimenezi mukhoza kuzinena mofatsa osachita mwano. Chimene mungachite ndi kuwapatsa nthawi yeniyeni yobwerera kuti asadikire tsiku lonse, monga mungachitire ndi gogo aliyense wochokera kutali.

Zopita kunyumba, ngati chipatala chanu chili ndi ndondomeko yoyendera odwala m'makomo, alowe m'ndondomekoyo, mkulu wanu akudziwa. Ngati akufuna muzipita panthawi yanu nkukulipirani, imeneyo ndi ntchito yapadera, ndipo ili ndi malamulo ake a Medical Council ndi a olemba ntchito anu. Musanyamule zida za boma kupita nazo kumeneko. Matenda a mayiwo ndi chinsinsi, ngakhale kwa anzanu a m'bungwe amene angafune kugwiritsa ntchito mwayiwo.

Pa nthawi yonse imene mayi akudwala, pepala lanu lija likhale m'thumba. Musatchule bajeti muli pambali pa bedi. Phunguyo akuona yekha kuti kutembenuza munthu wofa mbali imodzi kumafuna anthu angati, ndi kuti ulendo uliwonse wa kuchipatala ukudya ndalama zingati. Akadzafunsa yekha kuti kodi anthu a kumudzi opanda galimoto amatani, muyankheni ndi ziwerengero za pa funso 9, ndipo mupemphe kuti mudzakambirane bwino tsiku lina ku ofesi, anzanu alipo.